A Fabiano ndi Shedi ya Maloko Awiri

Alongo anga a Fabiano Miti ndi munthu woti mukawaponda phazi, amayamba ndi iwo kupepesa. Kuno ku Kanakantapa anthu amati limenelo ndi khalidwe labwino. Ine Jenala, mlongo wawo wamng'ono, ndimati ndi matenda, chifukwa khalidwe lomwelo lawalanda ntchito imene anaigwira kuyambira ali mnyamata. Nkhaniyi ndikuinena ndili wokwiya, ndipo sindikufuna wina andiuze kuti ndiugwire mtima.

Kwathu kwenikweni ndi ku Katete. Atate athu atamva kuti kuno kukugawidwa minda, anatinyamula tonse, ine ndili kamwana, a Fabiano ndevu zitangoyamba kumera. Ife ochokera kum'mawa tinamanga tsidya lino la kamtsinje, pafupi ndi pamene msewu wafumbi umathera. Pamenepo ndi pamene maminibasi amakhotera, ndiponso pamene malole amadzanyamula matimati kupita nawo ku Lusaka. Timangoti pa siteshoni. Kutsidya kuli mabanja akale, eni nthaka, amene makolo awo anagona komweko. Timakhala nawo bwino. Maliro timalira limodzi, tchalitchi ndi chimodzi, ndipo timakwatirana. Koma chinthu chatsopano chikabwera, tsidya lililonse limayang'ana mbale ya linzake.

A Fabiano anakakwatira kutsidyako. Anatenga a Mainess, mwana wa a Matthias, nkhalamba yolemekezeka imene simalola kuti mawu omaliza akhale a munthu wina. Zaka zoyamba anakhala komweko pachikamwini, kulimira apongozi awo, kufolera nyumba, kukonza nkhokwe. Pambuyo pake anawalola kutenga mkazi kubwera naye kuno, koma ukamwini sunawachoke m'mafupa. Mpaka lero, imvi zili mbuu, akakumana ndi a Matthias panjira amapatukira m'tchire, n'kunjuta, n'kuyamba kuwomba m'manja. Mwana wawo woyamba, Kondwa, ali ndi ana ake ku Lusaka, koma atate ake akadali kubisala m'maudzu.

Ntchito yawo inali ngolo. Anali ndi ng'ombe ziwiri, ndipo imodzi ikakalamba ankaphunzitsa ina. Ankatenga mabokosi a matimati m'madimba a matsidya onse awiri kuwafikitsa pa siteshoni lole isananyamuke. Ankanyamulanso mchenga, njerwa, odwala ndi mabokosi a maliro. Ine ndimalima matimati, choncho ndikudziwa zimene ndikunena. Ngolo yawo inali yochedwa moti ndinkawaseka kuti matimati anga amakwera osapsa n'kukatsika atafiira, koma inkafika, kaya ndi m'chilimwe kaya m'matope a Febuluwale. Munthu akati "atate ake Kondwa abwera," aliyense ankagona tulo.

Chitatha chaka chija cha chilala, pamene magetsi ankazima tsiku lonse m'dziko muno, kunabwera anthu a kampani ina ya ku Lusaka. Anabwera ndi njinga yamagetsi ya matayala atatu, yokhala ndi malo onyamulira katundu kumbuyo. Sinkafuna petulo, sinkatulutsa utsi, ndipo ikamayenda sinkamveka, moti nkhuku zinavutika kuizolowera. Mphamvu yake inali m'mabatire, amene anati azitchajidwa ndi masola m'kashedi kamene adzamange. Amene ankatsogolera gululo anali mayi wachitsikana, injiniya, dzina lake Belinda. Iyeyu sanatinamize. Ananena poyera kuti njingayi yabwera kudzayesedwa. Ikamayenda maulendo ambiri, adzabweretsa zina. Ikamangokhala, adzaitenga kupita nayo kudera lina. M'kati mwake munali kachipangizo kouza a ku ofesi kulikonse kumene yayenda.

Posankha dalaivala panalibe mkangano. Ife tinati a Fabiano ndi mwana wathu, akutsidya anati ndi mkamwini wawo. Anapita ku Chongwe kukaphunzira, n'kubwerako atavala chipewa cholimba ndi chijekete chonyezimira, akuseka ngati mwana wogulidwa nsapato. Chibadwire sindinawaonepo akusangalala chotero. Ankafika kwanga madzulo kudzandifotokozera za mabuleki, ine ndikutsuka mbale.

Kenaka anandiuza kuti akugulitsa ng'ombe. Ana onse ali m'tauni, wodyetsa palibe, ndipo iwo sangakhale pachiwongolero ndi kubusa nthawi imodzi.

"Imwe atate Kondwa," ndinatero ine, "fodya ni uja ali pamphuno. Sungani ng'ombe mpaka tione ngati ichi chinthu chizankhala."

"Jenala, iwe uyopa vilivonse," anandiyankha. "Msana wanga wasila na goli. Nifuna nikalambe ninkhale pampando."

Msanawo unkawawadi. Ng'ombe zinapita kwa wabutchala wa ku Chongwe. Ngolo anaigulitsa kwa munthu wa dera lina.

Msonkhano wosankha malo a shedi unachitikira pabwalo la tchalitchi. Abambo anakhala pamabenchi, ife amayi pansi, a Fabiano kumapeto kwenikweni, kutali ndi apongozi awo monga mwa mwambo. Belinda anafotokoza bwinobwino. Anati batire ili ngati thumba la ufa, ulendo uliwonse umatapamo, choncho shedi iyenera kukhala pamene njinga imayambira ntchito ndi pomwe imathera. Iye ankaona kuti pa siteshoni ndiye poyenera. Koma anawonjezera kuti lamulo la pulojekiti yawo likuti malo asankhe ndi eni dera, osati iye. Lamulo limeneli ndikamaliganiza ndimafuna kulavula. Munthu wapita kusukulu, wayeza, wadziwa yankho, kenaka akuliponya pakati pa amuna amene akhala akupikisana chiyambire.

A Lazarous, amene amalankhulira tsidya lathu, ananyamuka n'kunena kuti nkhani yatha, injiniya wanena kale. Ananena monyada, akuyang'ana akutsidya, ndipo pamenepo ndi pamene moto unabuka. A Matthias anadzuka pang'onopang'ono atatsamira ndodo.

"Chigayo chili kwanu," anatero. "Mjigo uli kwanu. Motoka zifika kwanu. Manje na iyi shedi futi kwanu? Ise amene tinakulandilani tizankhala chabe oonelela?"

Ndisaname, nkhalambayo inali ndi mfundo. Kutsidya kulibe chilichonse chimene chinabwera ndi galimoto. Koma batire silidziwa kuti anayamba kufika ndani. Anthu anayamba kulankhula onse nthawi imodzi, ena kutchula mikangano ya malire a minda imene tinkayesa kuti inaiwalika. Belinda anakweza dzanja, n'kutembenukira kumapeto kwa mabenchi.

"Ba Fabiano, ndimwe muzayendesa. Niuzeniko imwe. Shedi tiike kuti kuti nchito yanu iziyenda?"

Maso onse anapita kwa a Fabiano. Alongo anga ankalidziwa yankho. Anali atandiuza okha dzulo lake kuti shedi ikapanda kukhala pa siteshoni zinthu zidzavuta. Koma apongozi awo anali atangolankhula kumene, ndipo kunena kuti pa siteshoni kukanakhala kuwatsutsa pamaso pa anthu. Ndinawaona akutsika pabenchi, kunjuta, kuvula chipewa chija. Anawomba m'manja mofatsa.

"Ine ningakambe chani pamene atate akamba kale? Paliponse pamene akulu-akulu aona, ine nizayenda chabe."

Amayi ena anang'ung'udza moyamikira, ati taonani mkamwini woleredwa. Ine ndinaluma chitenje kuti ndisakuwe. Manyazi anapha Lambe, ndipo ine ndinali kuonerera akupha alongo anga dzuwa likuswa mtengo.

Kenaka munthu wina, sindikumbukanso kuti ndani, anatulutsa nzeru imene inakondweretsa onse. Anati shedi ikhale pakati, kuti pasapezeke wodandaula. Pakati pa matsidya athu pali chitunda cha miyala pamwamba pa kamtsinje, pamene palibe amalima, palibe anamanga, ndipo ngakhale mbuzi zimangodutsapo. Anthu anawomba m'manja, amayi n'kululutira. Belinda anayesa kunena kuti pamenepo ndi patali ndi msewu, ndiponso pokwera, koma mawu ake anamira m'nthungululu. Pomaliza nayenso anawomba m'manja, anzake akujambula zithunzi zokaonetsa ku ofesi kuti anthu a kumudzi agwirizana. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Motowo anauzimadi tsiku limenelo, koma anauzimira pamsana pa munthu mmodzi.

Musaganize kuti zinathera pamenepo. Shedi itamangidwa panabuka funso la kiyi. Akasunga akuno, akutsidya anati tizikatchajako mafoni athu mobisa. Akasunga akutsidya, a Lazarous anati chimodzimodzi. Kupatsa a Fabiano sikunatheke, chifukwa tsopano akutsidya anakumbukira kuti ndi a kum'mawa, ndipo akuno anakumbukira kuti amanjenjemera pamaso pa apongozi. Choncho komiti yoyang'anira shedi, m'mene munali a Lazarous ndi a Matthias, inagula maloko awiri n'kuwakoleka pachitseko chimodzi. Kiyi wina anasunga a Lazarous, wina a Matthias. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, anakhala pansi n'kuganiza zimenezi, ndipo anabalalika akuyamikirana nzeru.

Tsiku la a Fabiano linayamba kuyenda motere. Kukacha ankapita kwa a Lazarous kukatenga kiyi. Akatero ankawoloka kupita kwa apongozi awo, kumene sakanangofika n'kutambasula dzanja. Ankanjuta patali ndi khomo kudikira kuti wina awaone, moni achitike, afunsidwe za a Mainess ndi za ana, kenaka kiyi atumizidwe kudzera mwa munthu wina. Akapeza kuti nkhalamba yapita kumaliro kiyi ali m'thumba la jekete, basi, tsikulo lapita. Zikayenda bwino ankakwera chitunda, kusintha mabatire, kutseka, kubweza makiyi onse awiri, ndiye n'kuyamba kuzungulira m'madimba. Pofika pa siteshoni nthawi zambiri ankapeza fumbi la lole. Ndiponso ankayenera kusunga mphamvu yokwerera chitunda pobwerera, choncho kumadimba akutali sankafikako.

Mvula itayamba, kanjira ka kuchitunda kanasanduka phala. Ndinawaona ndi maso angawa akukankha njinga ija pamtunda, matope mpaka m'mawondo, munthu amene anagulitsa ng'ombe kuti apumitse msana. Matimati anga anaphulikira m'mabokosi kangapo konse, ntchentche zikuchita phwando. Anthu anayamba kubwerera ku njinga zakapalasa, ena kumutu. Ndipo mukudziwa amene ankamunena? Palibe anatchula chitunda, palibe anatchula maloko, poti onse anawombera m'manja. Ankati atate ake Kondwa akalamba, zinthu zamakono zawakulira.

Ndinapita kunyumba kwawo tsiku lina masana, ndinawapeza akutsuka matayala ndi kansanza.

"Pitani mukakambe na komiti," ndinawauza. "Mapanga awiri avumbwitsa. Kiyi ikhale imozi, inkhale na imwe."

"Komiti ni atate," anayankha osadzutsa mutu.

"Tumani munthu akakambe m'malo mwanu. Nkhoswe zilipo."

"Azati mkamwini ayamba kutiweruza. Leka chabe, Jenala. Mvula izasila."

A Mainess, mlamu wanga, anali pakhonde akusankha nyemba. Iwo sindiwaimba mlandu. Anandiuza kuti anali atapita kale kwa atate awo kukadandaula. Nkhalamba inayankha kuti mkamwini wawo amabwera m'mawa uliwonse, ndipo sanatchulepo vuto ngakhale kamodzi. Ngati lilipo, mwini wake anene. A Matthias ankadziwa bwino lomwe kuti mwini wakeyo sangayerekeze, ndipo chimenechi ndi chimene sindidzawakhululukira.

Mvula inathadi, koma nthawi yoyesera nayo inali itatha. Belinda anabwera ndi lole yopanda katundu, ndipo aliyense anadziwa chimene yadzera. Tinasonkhananso pabwalo la tchalitchi. Njinga inaima pambali, a Fabiano ataipukuta mpaka kunyezimira. A Matthias miyendo inali itayamba kuwavuta, choncho anabwera ndi mpando wawo wa ndalema, n'kukhala kutsogolo.

Belinda anati a ku ofesi aona kuti njinga yayenda maulendo ochepa kwambiri, ndipo alamula kuti ichoke. Koma mtsikanayo anali ndi mtima. Anati pali njira imodzi. Dalaivala kapena komiti ikanena pamsonkhano pomwepo kuti vuto ndi malo a shedi, iye abwerera ndi lole yopanda kanthu, akapemphe kuti shedi isamutsidwe ndipo tipatsidwe nyengo ina. Ananena pang'onopang'ono, akuyang'ana alongo anga, ngati munthu woika chakudya m'kamwa mwa wodwala.

A Lazarous anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Kunena kuti malo ndi olakwika kukanakhala kuvomera kuti nawonso analakwa, poti loko mmodzi anali wawo. A Matthias sanadikire.

"Shedi ilibe mulandu," anatero ali khale. "Tinasankha tonse, mu mtendere. Mkamwini wanga ni munthu wabwino maningi, koma anazolowera ng'ombe. Ivi va malaiti vifuna anyamata."

Belinda anayenda mpaka kumapeto kwa mabenchi, n'kuwerama pafupi ndi a Fabiano.

"Ba Fabiano, napapata. Kambani chabe vamene muona. Ni shedi, olo ni imwe?"

A Fabiano anakweza maso. Anayang'ana njinga, anayang'ana a Mainess amene anali atabisa nkhope m'chitenje. Ndinapemphera chamumtima kuti Ambuye, kamodzi kokha, atsegule pakamwa. Anatsika pabenchi, n'kunjuta.

"Ni mwamene akambila atate," anatero. "Ni ine nalephera."

Sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji. Ndinangopezeka ndili pakati pa bwalo, chitenje chili m'manja.

"Boza!" ndinakuwa. "Ba Matthias, kiyi inali m'thumba mwa ndani pamene matimati anali kuwola? Ba Lazarous, yang'anani kuno, nsapato sizizakuyankhilani! Munamanga shedi pa malo ya mbuzi, mwaika maloko yabili monga ni jele, manje mukuti munthu alephera? Analephera liti uyu munthu? Ni ndani pano amene sananyamulidwe na ngolo yake?"

Ndinatembenukira kwa Belinda n'kumuuza kuti alembe zimene ndanena, kuti vuto ndi chitunda ndi maloko. Maso ake anali atafiira. Anati wamva, ndipo akudziwa kuti ndi zoona, koma lamulo likufuna mawu a dalaivala kapena a komiti. Ine sindinali dalaivala, ndipo m'komiti munalibe mkazi ngakhale mmodzi. Amayi anzanga amene matimati awo anaolera limodzi ndi anga anangoyang'ana pansi.

Pamenepo alongo anga anadzutsa mutu. Munthu amene sanakwezepo mawu kwa ng'ombe, anawakweza kwa ine.

"Jenala! Nkhala pansi. Awa ni apongozi anga."

Ndinakhala.

Anyamata a kampani anatsitsa matabwa kumbuyo kwa lole. Njinga inawavuta kukweza, ndiye a Fabiano anapita kukawathandiza. Anaiyendetsa okha mosamala mpaka pamwamba, n'kuwaonetsa pomanga zingwe kuti isakandike panjira. Anavula chipewa ndi chijekete n'kuzipereka kwa Belinda ndi manja awiri. Lole itanyamuka anthu anayamba kubalalika mwakachetechete, aliyense akupewa maso a mnzake.

A Matthias anadzuka movutikira, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna wowanyamulira mpando. Adzukulu awo anali atathamangira lole. Alongo anga anapita, anapinda mpandowo, anauika paphewa, n'kumatsatira nkhalambayo patali pang'ono monga mwa ulemu, kutsika kukawoloka kamtsinje. Ndinawayang'ana mpaka anabisika m'mabango, ndikulira ndi ukali.

Sindinapite kunyumba. Ndinakhala pamwala pafupi ndi powolokera kuwadikira, mawu nditawakonza bwino, ena oti munthu sanganene kwa mkulu wake. Anatulukira dzuwa litapendeka, mathalauza atanyowa, akuyenda atagwira m'chiuno. Atandiona anaima. Ndinatsegula pakamwa, koma anayamba ndi iwo, motsitsa mawu.

"Jenala, amake Sheila, aneba anga, ali na mabokosi ya matimati yofunika kufika pa siteshoni mawa kuseni. Ninawalonjeza. Unibwelekeko wilibala yako."

Mawu onse aja anandithawa. Ndinawauza kuti tayala lake ndi lophwa, iwo anati ali ndi pampu.